Mapemphero a pabanja: kufika kwa Mulungu mwaulemu ndi molimba mtima

Mukafuna kudziwa mmene banja limamuonera Mulungu, mvetserani pemphero lawo lamadzulo. Pali nyumba zina zimene pemphero ndi ntchito ya alendo. Abusa kapena akulu ampingo akabwera, mipando imapukutidwa, wailesi imazimitsidwa, aliyense n'kutsinzina. Alendo akangotuluka, Baibulo limabwerera pamwamba pa kabati. Mukawafunsa bambo a m'nyumbamo chifukwa chake, amapukusa mutu: "Ife ndi machimo athuwa, Mulungu angatimvere?" Nyumba zina amapemphera tsiku ndi tsiku, mokweza mpaka oyandikana nawo kumva, koma Mulungu kumeneko amangolamulidwa. Amapatsidwa tsiku loti akhale atayankha, amauzidwa munthu woti amukanthe, zonsezi zikuchitika diso lina lili pa foni.

Banja lililonse pa awiriwa lagwira mbali imodzi ya choona n'kutaya inzake. Wolemba kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 4 ndime 16, akulimbikitsa okhulupirira kuti asazengereze kufika kwa Mulungu kukapempha chifundo ndi thandizo. Munthu yemweyo pa mutu 12 ndime 28 ndi 29 akuchenjeza kuti Mulungu ameneyu si woseweretsa, ndipo akumufanizira ndi moto. Sadaone kuti ziwirizi zikutsutsana.

Kwathu kuno sizovuta kumvetsa. Taganizirani mwana wa mfumu ya m'mudzi. Mlendo akafika pakhomopo amaodira, n'kudikira nduna kuti imufikitsire mawu. Mwana sadzera kwa nduna. Amalowa m'nyumba, ndipo ngakhale pabwalo pali mlandu amatha kunong'oneza bambo ake kuti kusukulu amubweza. Koma popereka madzi osamba m'manja amagwada, polandira chinthu amalandira ndi manja awiri, ndipo dzina la bambo ake salitchula. Amagwada chifukwa akudziwa kuti bambo akewo ndi ndani. Amapempha chifukwa akudziwa kuti iye ndi ndani pakhomopo. Ntchito ya makolo achikhristu ndi yolera ana amene angafike kwa Mulungu motero, ndipo ntchitoyi imagwiridwa kudzera m'tinthu ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku.

Nthawi, malo ndi mafoni

Sankhani nthawi imodzi ndipo muisunge. M'mabanja ambiri nthawi yabwino ndi pamene mwangomaliza kudya madzulo, anthu asanabalalike. Musaphatikize mapemphero a pabanja ndi pemphero la chakudya. Mwana wanjala amene akuonerera nsima ikuuma pamwamba, bambo ali mkati mopempherera boma, mvula ndi abale a ku Joni, phunziro limene akutenga n'lakuti Mulungu amachedwetsa chakudya. Pa chakudya thokozani mwachidule, idyani, sambani m'manja, kenako yalani mkeka.

Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira. Buku la Mlaliki, koyambirira kwa mutu 5, limalangiza munthu wopita pamaso pa Mulungu kuti asachulutse mawu. Kutalikitsa pemphero mpaka ana kusinza sikusonyeza ulemu.

Mafoni onse asonkhanitsidwe pamodzi, m'kadengu kapena pawindo, kuyambira ya bambo. Ndati kuyambira ya bambo chifukwa mwana wa Fomu 2 sangamvetse kuti WhatsApp yake idikire Mulungu pamene ya bambo ake sidikira. Ngati Baibulo lanu lili pa foni, gwiritsani ntchito foni imodzi yokha, data itazimitsidwa. TV musangoitsitsa mawu, izimitseni. Usiku umene kuli mpira wa ku England, kuli bwino kupemphera msanga mpira usanayambe kusiyana ndi kupemphera mothamanga pa hafu taimu. Magetsi akathima musalekeze: kandulo imodzi ikwana kuwerengera ndime zisanu.

Za kugwada, kuimirira kapena kukhala pansi musalimbanepo kwambiri. Solomo adagwada popereka Kachisi, Davide adapemphera atakhala pansi, Hezekiya adapemphera ali chigonere pa mphasa ya matenda nkhope italoza kukhoma. Agogo a maondo opweteka akhale pampando. Chokana ndi chimodzi: kupemphera mutadzitayirira pa sofa ngati palibe chikuchitika.

Mulungu ayambe kulankhula

Werengani musanapemphe. Munthu amene wayamba ndi kumva amafika pa zopempha zake mtima utakhazikika kale. Gwiritsani ntchito Baibulo limene ana anu akulimva. Buku Lopatulika, limene lidatuluka m'chaka cha 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndi limene ambiri a ife tidaloweza, ndipo Chinyanja chake chili ndi ulemerero wakewake. Koma mwana wa masiku ano amakodwa m'mawu ena akale. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira pamodzi, limamveka msanga. Ngati muli ndi onse awiri, mwana awerenge limene akulimva, agogo anene mmene ndimeyo adailowezera. A mu Sinodi ya Nkhoma ali ndi Mlozo wowatsogolera tsiku lililonse. Mipingo ina ilinso ndi ndondomeko zake zowerengera.

Pano pali msampha umodzi. Kholo lililonse lili ndi ndime zimene limakonda. Bambo wokonda mwambo amangobwerera ku nkhani za chilango: Nadabu ndi Abihu pa Levitiko 10, Uza amene adafa atagwira Bokosi la Chipangano pa 2 Samueli 6. Mayi wa mtima wofewa amangobwerera kwa mwana wolowerera ndi nkhosa yotayika pa Luka 15. Zonsezi ndi Malemba. Muziziphatikiza dala. Lolemba mukawerenga za Mose akuvula nsapato pa chitsamba choyaka moto (Eksodo 3), Lachiwiri werengani za Yesu akufukata ana amene ophunzira ake ankawathamangitsa (Marko 10).

Pali nkhani imodzi imene mwana aliyense wa m'banja lachikhristu ayenera kuidziwa asanafike Sitandade 8, chifukwa kulimba mtima konse kwa Mkhristu kwatsamira pamenepo. M'Kachisi munali chipinda chamkati, Malo Opatulikitsa, chotchingidwa ndi nsalu. Wolowamo anali mkulu wa ansembe yekha, kamodzi pachaka, atanyamula magazi a nsembe (Levitiko 16). Yesu atafa, Mateyu 27 ndime 51 akutiuza kuti nsaluyo idang'ambika kuyambira kumwamba mpaka pansi. Ahebri 10 akufotokoza tanthauzo lake: njira yatseguka. Onetsetsani kuti ana amva bwino kuti chidasintha n'chiyani. Mulungu wa kuseri kwa nsaluyo sadachepe, ndi woyera monga kale. Chidasintha n'chakuti mtengo wolowera udalipidwa, ndipo adalipira ndi wina. N'chifukwa chake munthu sangalowe monyada, pakuti sadalipire ndi iye. N'chifukwa chakenso sayenera kuima pakhomo akunjenjemera, pakuti ngongole palibe. Mawu amene timatsekera nawo pemphero, otchula dzina la Yesu, tanthauzo lake ndi limeneli. Si chizimba choti chikakamize yankho.

Mukafuna chitsanzo cha munthu amene adagwira mbali zonse ziwiri, werengani Genesis 18 kuyambira ndime 22, mogawana mbali: wina akhale Abrahamu, wina awerenge mayankho. Abrahamu akupembedzera mzinda wa Sodomu. Akuyamba ndi anthu olungama 50, n'kutsika kufika 45, 40, 30, 20, mpaka 10. Ana amene adatsaganako kumsika adzaseka, chifukwa adzazindikira kuti uku n'kunenerera. Asiyeni aseke, kenako muwafunse: kodi pakati pa manambalawa Abrahamu akunena chiyani? Adzapeza kuti akudzitcha fumbi ndi phulusa, ndipo kawiri akupepesa kuti Ambuye asakwiye. Koma sakusiya kupempha, mpaka akufunsa ngati woweruza wa dziko lonse angalephere kuchita chilungamo. Mwa ife ambiri, wodziwa kuti ndi fumbi amatseka pakamwa, ndipo wotsekula pakamwa amaiwala kuti ndi fumbi. Abrahamu adakumbukira zonse ziwiri m'mpweya umodzi.

Pemphero la Ambuye musamalithamangitse ngati ndakatulo ya pa asembule. Kamodzi pa sabata linenani pang'onopang'ono, ndipo muime pa mzere woyamba. Akatekisimu akale adaona kuti nkhani yathuyi yonse ili pamenepo. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene Sinodi ya Nkhoma imamutsata, pa funso 120 amaphunzitsa kuti Khristu adatiuza kutchula Mulungu kuti Atate pofuna kudzutsa mwa ife ulemu ndi chidaliro cha mwana. Katekisimu wamfupi wa Westminster wa 1647, wodziwika m'mipingo ya Chipresibeteriya, amanena zofanana pa funso 100. Martin Luther naye, polemba katekisimu wake wamng'ono mu 1529, adamulembera mitu ya mabanja kuti aziphunzitsira a m'nyumba mwawo. Pa Misa, wansembe asanayambitse pemphero lomweli amakumbutsa anthu kuti kutchula Mulungu kuti Atate n'chinthu chofuna kulimba mtima. Mipingo imene imasiyana pa zambiri, apa imagwirizana.

Tchulani chimene mukufuna

Ena amaganiza kuti ulemu ndi kupempha mozungulira: madalitso, chisomo, chitetezo, basi. Koma m'fanizo la pa Luka 11, munthu wogogoda kwa bwenzi lake pakati pa usiku adanena chimene ankafuna ndi kuchuluka kwake: mikate itatu. Pemphero la pabanja likhoza kumveka chonchi: "Atate, fizi ya teremu ino yatsala theka. Feteleza wobereketsa sitinagule. Mwendo wa agogo ukutupabe. Tithandizeni, ndipo mutipatse nzeru tidziwe poyambira." Mwana womva zimenezi amadziwa kuti Mulungu amauzidwa zenizeni. Komabe samalani: ngongole ya katapila ndi nkhani zina zolemera zimene zingamusowetse tulo mwana wamng'ono, zipemphererani awiri kuchipinda.

Musanapemphe, tchulani chimodzi chokhudza Mulungu mwini chimene mwachipeza m'ndime ya tsikulo, ndipo thokozani chinthu chimodzi cha tsikulo ndi dzina lake. Zikatere zopempha zimapeza malo ake.

Kulimba mtima sikuyezedwa ndi kukula kwa mawu. Pa phiri la Karimeli aneneri a Baala adafuula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamene pemphero la Eliya lidakwana ndime ziwiri (1 Mafumu 18). Apa sindikunyoza opemphera mokweza ayi. Ahebri 5 ndime 7 akuti Yesu yemwe adapemphera mofuula ndi misozi, ndipo adamvedwa chifukwa cha kugonjera kwake. Mtima ukasweka, lirani. Koma ngati mumakhala m'nyumba zogundizana, khoma limodzi ndi banja la khanda kapena munthu wolawirira kuntchito, kumbukirani kuti Mulungu amene mukumulemekezayo ndi amene adakulamulani kukonda mnansi.

Chimene ndikuchikana ndi kulamula. Kupempha ndi kulamula zimafanana pakamwa, koma zimasiyana pa chinthu chimodzi: wopempha amavomereza kuti akhoza kukanidwa. Ku Getsemane Yesu adapempha mosabisa kuti chikho chimuchokere, kenako adasiya nkhaniyo m'chifuniro cha Atate (Marko 14). Anzake atatu a Danieli adauza mfumu Nebukadinezara kuti Mulungu wawo akhoza kuwapulumutsa m'ng'anjo, n'kuwonjezera kuti ngakhale atapanda kutero fano saligwadira (Danieli 3). Paulo adapempha katatu kuti munga umuchoke, ndipo sudachoke (2 Akorinto 12). Ngati m'nyumba mwanu mwaphunzitsa ana kuti chilichonse chonenedwa mwamphamvu chiyenera kuchitika, tsiku limene mwana adzalephere mayeso a MSCE atasala kudya, adzatsala ndi njira ziwiri: kunena kuti Mulungu ndi wabodza, kapena kuti iyeyo ndi wotembereredwa. Zonse ziwiri n'zoopsa, ndipo mwamukonzera ndinu.

Mantha nawo ali ndi mtengo wake, ndipo nthawi zambiri umalipidwa ndi ndalama ya ndiwo. Munthu amene sakhulupirira kuti Mulungu angamumvere iye mwini amayamba kufunafuna wina womufikitsira mawu, ndipo ogulitsa madzi, mafuta ndi mapemphero sasowa. Kuitana akulu ampingo kudzapempherera wodwala ndi kwa m'Malemba (Yakobo 5), ndipo mapemphero a m'milaga, m'miphakati, a Mvano kapena a Chigwirizano ndi mphatso yaikulu. Koma amenewa amapemphera nanu pamodzi, sakulowani m'malo, ndipo salipiritsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ake ali ndi ufulu wonse womusanjika manja n'kupemphera pomwepo, kenako n'kumubereka kupita naye kuchipatala kukayezetsa malungo. Kupita kuchipatala sikuchepetsa chikhulupiriro.

Tsiku limene mwayambana

Apa ndi pamene mapemphero a mabanja ambiri amafera. Masana munakangana pa za ndalama, madzulo palibe wofuna kutsegula Baibulo. Mawa lake chimodzimodzi. Sabata ikatha, mwambo watha.

Pali njira ziwiri zolakwika. Yoyamba ndi kupemphera ngati palibe chachitika. Ana anamva zonse, ndipo akuona kuti kholo likhoza kutukwana 4 koloko n'kukweza manja 8 koloko. Yachiwiri ndi yoipitsitsa: kusandutsa pemphero kukhala bwalo la milandu. "Ambuye, anthu ena m'nyumba muno muwachotse mtima wouma." Aliyense akudziwa kuti anthu enawo ndi ndani. Kumeneku n'kugwiritsa ntchito dzina la Mulungu pomenya mnzako amene sangayankhe chifukwa watsinzina. Ndi mwano kwa Mulungu ndi nkhanza kwa mnzanuyo.

Yesu adati wokumbukira ali pa guwa kuti mbale wake ali naye chifukwa, ayambe wakayanjana naye (Mateyu 5 ndime 23 ndi 24). Petro adachenjeza amuna kuti kusalemekeza akazi awo kumatsekereza mapemphero awo (1 Petro 3 ndime 7). Choncho Baibulo lisanatsegulidwe, wolakwa anene mawu ochepa, ana akumva: "Mayi, masana aja ndinakulankhulani molakwika. Mundikhululukire." Bambo amene wanena zimenezi ulemu wake suchepa pamaso pa ana. Akuwasonyeza kuti pamwamba pake palinso wina amene iye amamuopa. Ngati nkhaniyo ndi yaikulu yosatheka usiku umodzi, yofuna ankhoswe, musaleke kusonkhana. Werengani Salimo, vomerezani pamaso pa Mulungu kuti m'nyumba simuli bwino, pemphani thandizo, mukagone. (Nkhanza za kumenya n'zina: zimenezo sizibisidwa ndi pemphero, zimafuna kuti ankhoswe, mpingo, ngakhale apolisi adziwe.)

Chimodzimodzi munthu amene wagwa m'tchimo lomuchititsa manyazi. Mtima umamuuza kuti ayambe wakonzeka, adzabwere pambuyo. Musamvere. Wokhometsa msonkho wa pa Luka 18 adaima patali, maso osakweza, koma adabwera ndipo adalankhula. Yesu adati ndiye adabwerera kwawo atalandiridwa, osati Mfarisi amene adafika ndi mndandanda wa zabwino zake. Yesaya naye ataona ulemerero wa Mulungu m'Kachisi adadziona kuti watha, koma milomo yake itayeretsedwa ndi khala la moto ndi yemweyo adadzipereka kuti atumidwe (Yesaya 6).

Ana ndi ena a m'nyumba

Musamaopseze mwana ndi dzina la Mulungu pa zinthu zimene zakukwiyitsani inu. "Wanyambita shuga, Mulungu akuotcha" ndi mawu opepuka kunena, koma amakhala m'mutu zaka zambiri, ndipo mwana woteroyo akadzakula adzathawa Mulungu pa nthawi imene akumufuna kwambiri. Ku mbali inayo, musalole dzina la Mulungu kukhala lolumbirira pa masewera kapena nthabwala.

Apatseni mpata wopemphera mosinthana. Wa zaka zinayi akapempherera mwanapiye wake wodwala, nenani ameni ndi mtima wonse. Wina akaphulika kuseka, musasandutse mkeka wa pemphero kukhala malo a chikwapu. Dikirani, bwerezani, mudzalankhule naye pambuyo. Ana amasiye amene mukulera, mlamu wodzacheza ndi mtsikana wothandiza ntchito aitanidwe onse, akhale pa mkeka womwewo ndipo awerengeko. Wa chipembedzo china muitaneni koma musamukakamize.

Kumbukiraninso kuti kwa ana ena mawu akuti bambo amakumbutsa munthu amene adachoka osabwerera, kapena wobwera usiku ataledzera. Oterewa musangowauza kuti Mulungu ali ngati bambo ako. Awerengereni zimene Atate wa m'Malemba amachita, adzionere okha kusiyana kwake.

Yankho likachedwa

Sungani kope laling'ono. Lembani tsiku ndi chimene mwapempha, ndipo pakutha pa mwezi muliwerenge pamodzi. Zina mudzapeza zidayankhidwa inu osathokoza. Zina zidzakhala zikudikirabe, ndipo zina zidzaoneka kuti zakanidwa. Musafufute zimenezo pobisira ana.

Pakagwa maliro kapena ntchito ikatha, banja lili ndi chilolezo chodandaula pamaso pa Mulungu. Salimo 13 limafunsa Mulungu mobwerezabwereza kuti adzachedwa mpaka liti. Salimo 88 limatha popanda mawu a chitonthozo, koma lili m'Baibulo. Hana adakhuthula zowawa zake ku Silo mpaka wansembe Eli kumuyesa woledzera (1 Samueli 1). Onsewa sadamunyoze Mulungu kumbali. Madandaulo awo adapita nawo kwa mwini wake. Usiku umene mawu akukusowani, werengani Salimo lotere mokweza m'malo mwa pemphero lanu.

Inu amene m'nyumba mwanu simunapempherepo pamodzi, musadikire Chaka Chatsopano, ndipo musadandaule kuti simudziwa kuyala mawu ngati akulu ampingo. Lero mukatha kudya, werengani Salimo 103 kuyambira ndime 8 mpaka 14, aliyense atchule chinthu chimodzi chothokoza ndi chimodzi chopempha, nenani Pemphero la Ambuye, mukagone. Mawa mudzachitenso chimodzimodzi.